Telala Wolondera Agulugufe

Lachiwiri, 4 Malichi

Kulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo ngati papalasa nkhuku. Mayi wa mafizo kuchipatala anati ndizilemba chilichonse, ngakhale zachabechabe, bola mutu ndi dzanja zizikumana. Chabwino. Zachabechabezo ndi izi.

Ndine telala. Kapena ndinali telala, sindikudziwa kuti ndilembe ziti. Sitiroko inandigwetsera pa makina chaka chathachi, ndikupinda thalauza la eni ake. Dzanja lamanja lili apa pantchafu ngati la munthu wina. Mwendo wokoka. Lilime lolemera, mawu amatuluka mopingasa.

Lero akazi anga atopa nane m'nyumba. Anyamula mpando mpaka kudimba, aukhazika pansi pa mpapaya. Akuti, "Atelala, nkhope yokwinyayi ikungowonongeka m'nyumba muno. Khalani apa muziopseza mbalame." Ndaseka mpaka dovu kugwa. Ntchito ndaipeza. Ulonda.

M'dimba muno iwo ndi Akapitawo, ndiye ndiziwalemba choncho. Kabichi, repu, tomato, anyezi, karoti, maungu chakumpanda. Zaka zonsezi ndadya za muno osadziwa kuti chitseko cha dimba chimatsegukira mbali iti.

Mbalame sizinandiope. Ina yatera pa ndodo yanga yomwe.

Lachinayi, 6 Malichi

Dzuwa labwino. Mame mpaka tiyi kuzizira.

Pafupi ndi chitsime pali matope, pamene pamatayikira madzi. Agulugufe achikasu mbwee pamenepo, mapiko otseka, ngati tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo lodulira. Akapitawo akadutsa ndi ndowa, onse m'mwamba. Akangopitirira, onse pansi. Amamwa chiyani m'matope, maluwa ali pomwepo?

Wina wamkulu. Wakuda, madontho achikasu, chakumunsi kadiso kofiira ndi kabuluu. Nsalu imeneyo sindinaigwirepo chiyambire. Mbali zonse ziwiri zofanana ndendende, mpendero wosaphonya. Ndimalakalaka kumutembenuza ndione kuseri, mmene ndinkachitira ndi jekete losoka mnzanga.

Ndayesa kuitana Akapitawo kuti adzaone. Chotuluka pakamwa: "gufe... gulu... gufegulu." Iwo kuseka mpaka kukhala pansi pakati pa anyezi. Akuti liwu loyeserera ndi limenelo, ndikadzalitha ndiye kuti ndachira.

Ndinali ndisanawamve akuseka chidwalire changa.

Loweruka, 8 Malichi

Ndapeza mnzanga. Bilimankhwe, pa mpanda. Kayendedwe ngati kanga: mwendo m'mwamba, kuganiza kaye, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako kuponda. Tachita mpikisano kuchoka pa mpapaya kukafika pakhomo la dimba. Wapambana iyeyo, chonsecho panjira anaima kudya chiwala. Lilime lakelo! Akanandibwereka sabata imodzi yokha.

Ena okhala muno kwaulere: buluzi wamutu wabuluu pa mulu wa njerwa, amangondigwedezera mutu ngati tinadziwana kale. Achule m'ngalande. Njuchi m'maluwa a maungu, zimatuluka zili mbuu ndi ufa wachikasu ngati zachokera kuchigayo. Atombolombo ofiira pa chingwe cha chitsime.

Ndinkayesa m'dimba mumakhala ndiwo zokha.

Phewa likuwawa. Chakudya ndamaliza chonse, Akapitawo mpaka kuyang'ana pansi pa tebulo ngati ndapatsa galu.

Lolemba, 10 Malichi

Kamtengo ka mandimu. Akapitawo anakabzala okha, kafika m'chiuno, amakasamala kuposa ine. Lero pamasamba pake zitosi za mbalame. Ndimati ndichotse ndi ndodo.

Chitosi chayenda.

Mbozi! Zodziveka zakuda ndi zoyera kuti mbalame zizinyansidwa nazo. Ndakumbuka kuti gulugufe wakuda uja ankazungulirazungulira pomwepa, kumapinda thupi pansonga ya tsamba. Ndiye kuti ndi ana ake. Mayi wotchena chonchija, ana ngati zitosi. Zilipo zingapo, zonse pakamwa sipakupuma.

Sindinanene. Akapitawo akaziona ndi chala chachikulu basi, tswanyu. Ndakokera mpando pafupi, ndakhala motchinga. Akuti, "Mthunzi wa mpapaya wakulakwirani chiyani?" Ndangoloza dzuwa. Kudwala lilime nthawi zina kumathandiza.

Lachinayi, 13 Malichi

Kwabwera alamu, achimwene awo a Akapitawo, pa njinga yamoto. Munthu wabwino, koma amandilankhula ngati sitiroko inagwira makutu. "ALAMU! MUKUPEZAKO BWANJI!" Nkhuku zonse balala. Kenako kutembenukira mlongo wawo, motsitsa mawu, "Koma akudya?" Ine ndili pomwepo.

Ayendera kabichi. Masamba obowokabowoka, timbozi tobiriwira kunsi kwake, tosiyana ndi tanga tija. Akuti Loweruka abwera ndi sipuleya adzapopere dimba lonse, mpanda mpaka mpanda, ndi mandimu omwe. Akuti chokwawa chilichonse chigone.

Ali kukhitchini ndawamva akufunsa za makina anga. Akuti akungochita dzimbiri, alipo munthu akuwafuna. Kenako Akapitawo: "Achimwene, makinawo ali ndi mwini wake, ndipo sanamwalire."

Ndayang'ana kumbali, kwa buluzi. Wandigwedezera mutu.

Loweruka, 15 Malichi

Za lero ndilemba zonse.

Alamu afika m'mawa, sipuleya kumsana, kansalu pamphuno. Ine ndinali nditaima kale kutsogolo kwa kamtengo, ndodo uku. Akuti, "SUNTHANI ALAMU, MANKHWALA AWA NDI OOPSA!" Ndati, "Pano ayi." Sanamve, akupopa chogwirira chija. Ndiye zangotuluka zokha, zowongoka, popanda kupunthwa: "Alamu, mukapopera pano mupopere ndi ine ndemwe."

Akapitawo atula ndowa pansi pang'onopang'ono ngati muli mazira. Alamu avula kansalu: "Aa! Kodi amalankhula?"

Ndafotokoza movutikira, theka ndi pakamwa theka ndi manja. Njuchi, achule, bilimankhwe. Za mandimu sindinatchule. Akapitawo amvetsera manja ali m'chiuno. Chigamulo chawo: kabichi ndi amene akutidyetsa pakhomo pano chiimire makina, sangamusiyire mbozi chifukwa cha chule. "Mukakana mankhwala, mbozizo muzitola nokha. Ndi dzanja lamanja."

Lamanja! Mayi ameneyu alibe chisoni.

Alamu apita akupukusa mutu, koma akuseka. Atisiyira nthochi.

Lolemba, 17 Malichi

Ntchito yayamba. Kukhala pa thumba pakati pa mizere, chitini pambali. Lamanzere kutukula tsamba, lamanja kutola. Kungoti chala chachikulu ndi cholozera sizikumana. Zimayandikirana ngati anthu okwiyirana, kenako chilichonse kwake. Kambozi kamangondiyang'ana.

M'mawa wonse, zogwera m'chitini zosadzaza ndi supuni yomwe. Thukuta thupi lonse. Nkhuku yamawanga ili panja pa mpanda, khosi lotalika, ngati kasitomala wodikira diresi la ukwati.

Koma sindili ndekha pa ntchitoyi. Mavu afika, agwira mbozi, aikulunga, ulendo. Chule wonenepa pansi pa tsamba, pakamwa mpaka m'makutu. Chiswamphika manja pamodzi ngati akupemphera, chonsecho ndi chigawenga. Onsewa akanagona Loweruka lija.

Akapitawo asuzumira m'chitini: "Atelala, malipiro a lero ndi madzi akumwa."

Lachitatu, 19 Malichi

Ana a pamandimu asintha zovala. Zazitosi zija avula, tsopano suti yobiriwira, lamba wakuda paphewa. Kukula ngati chala changa. Ndakhudza mmodzi ndi kaudzu, watulutsa tinyanga tofiirira pamutu, fungo ngati ndimu lowola. Ukali ngati mwini sitolo.

Masamba a kamtengo akutha. Mpando sukukwananso kutchinga.

Ndipo lero zala zakumana. Kamodzi, kenako kachiwiri. Kambozi pakati, ndakamva kufewa kwake. Kukamva! Ndakuwa. Akapitawo athamanga poyesa njoka. Ndawaonetsa. Agwira zala zangazo, mbozi ili pomwepo, osanyansidwa, kwa nthawi ndithu. Kenako akuti, "Mwatsala ndi mizere yonse iyo."

Lachitatu, 26 Malichi

Masiku onsewa m'nyumba. Bondo lotupa, bandeji pachipumi.

Zinali chonchi. Lachinayi lapitalo pumbwa anatera pamandimu, ine ndili kukabichi. Ndikuona, jomph, mbozi imodzi kukamwa. Abwereranso, ina. Ndinaiwala kuti sindithamanga. Ndinadzuka ngati mnyamata, phazi limodzi, lachiwiri linakana. Khu, m'tomato, mutu pa chikhomo. Magazi ambiri kuposa bala lake.

Wachisamba wathu, amene amagwira ntchito kutauni, anamva tsiku lomwelo. Foni kulira ngati yapsa. Akuti kudimba ndisapondeko. Akuti abwera kudzanditenga ndikakhale kwake, nyumba yam'mwamba, pansi posalala, wailesi yakanema tsiku lonse, chipatala pafupi. Akunena zoona, ndi chikondi. Koma kumeneko ndikalondera chiyani?

Makina ali pakona, ofunditsidwa nsalu. Tsiku lonse kuyang'anizana.

Chondisunga ndi ichi. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe Akapitawo amaima pawindo ndi matope awo kumapazi: "Alonda, lipoti lanu." Bilimankhwe wasamukira ku nyemba. Chule alipo. Mavu akugwira ntchito yanu bwino kuposa inu. Dzulo awonjezera: "Ndipo alendo anu a pamandimu atsala awiri, ali bwino."

Ine kukamwa yasa.

"Mumayesa sindikuona? Mtengo wanga wometedwa mpala, inu mutakhala padzuwa ngati nsalu yoyanika?" Akuti anadziwa tsiku loyamba lomwe. Tsopano aufunditsa neti yakale ya udzudzu kuti pumbwa asafikepo.

Mayi ameneyu.

Lachisanu, 28 Malichi

Ndabwerera! Akapitawo anamuuza mwana pafoni kuti, "Bambo akowa m'nyumba akufota ngati repu wozula. Ukabwera udzaone wekha, koma lero akutuluka." Agwirizana kuti abwera Loweruka la sabata yamawa. Chigamulo chidzagwa pamenepo.

Andigwira mkono mpaka pampando. Dimba lonse ngati lachapidwa. Tomato amene ndinamugwera wadzuka, ine ndemwe ndinachedwa.

Pansi pa neti mbozi palibe. Kufufuza tsamba ndi tsamba. Kenako ndaona pa kanthambi: kathumba kobiriwira, kosongoka, ngati tsamba lopinda. Mbozi yadzisokera mkati. Kumunsi yamata, ndipo pachiuno yadzimangirira ndi ulusi umodzi wokha, kuzungulira kanthambi, nkutsamira chagada ngati munthu wokwera mtengo wa magetsi. Ulusi umodzi! Wopanda mfundo yooneka. Ine ndikanabwereza katatu kuopa manyazi.

Kachiwiri kali pa mtengo wogwiriza neti, kotuwa ngati mtengowo. Aliyense wasankha nsalu yogwirizana ndi khoma lake.

Lamlungu, 30 Malichi

Mvula yowaza m'mawa, kenako dzuwa. Fungo la dothi.

Ndaona ndi maso angawa karoti akulowa pansi. Masamba kugwedera, kufupika, kufupika, psiti. Mfuko. Ndawauza Akapitawo, liwu lililonse lomveka. M'malo mondiyamikira, atola khasu. Nkhondo mpaka masana, maenje dimba lonse, mfuko osaoneka. Atakhala pansi kupuma, karoti wina kuseri kwawo wayamba kufupika. Sindinanene. Ndinaseka mpaka bala kuwawa.

Akuti, "Ameneyu ndiye musamuikire kumbuyo, si mnzanu." Ndavomera. Aliyense ali ndi malire.

Kabichi akukulunga mitu. Wobowoka kunja, mkati wolimba. Chitini lero chafika pakati, nkhuku yamawanga yayamba kunditsatira ngati ndine tambala.

Lachinayi, 3 Epulo

Lero!

Kathumba kobiriwira kanada dzulo, madontho achikasu kuonekera mkati ngati nsalu m'pepala. M'mawa uno ndakakamiza kuti tiyi timwere kudimba. Akapitawo kung'ung'udza, anyezi akudikira madzi. Tili pakati pa kumwa, kathumba kang'ambika kumsana, pamsoko penipeni.

Chotuluka, chisoni. Chonyowa, mimba yaikulu, mapiko okwinyika ngati malaya otuluka m'beseni. Akapitawo akuti, "Ndiye mtengo wanga unathera chimenechi?" Ndati dikirani. Chakwera pa kanthambi, chalendewera. Pang'onopang'ono makwinya kutha, kutha, popanda simbi, popanda makala. Chikasu kuwala. Kadiso kofiira kaja, ndi kabuluu kake. Watsopano, wosachapidwapo.

Tavundukula neti. Watsegula, watseka, watsegula. Wakwera pa chala cha Akapitawo, iwo osapuma ndi mpweya womwe. Kenako pa maungu, pa mpanda, pamwamba pa mpapaya, wapita.

Ndati, "Gulugufe." Lonse, bwinobwino. Akapitawo osatembenuka, maso kumwamba: "Ndamva."

Anyezi amwa masana. Sanafe.

Kathumba kotuwa kali ndi kabowo pambali, mkati mopanda kanthu. China chake chinalowa mu mboziyo kale, neti isanabwere. Basi, zimatero.

Loweruka, 5 Epulo

Wachisamba wafika ndi galimoto, chikwama chopanda kanthu cholongezeramo zovala zanga. Nsapato zazitali m'dimba. Wandipeza pa thumba langa pakati pa kabichi. Nkhope ngati ya mayi ake pa tsiku la sipuleya.

Sindinatsutsane naye. Ndangopitiriza ntchito. Tsamba, kutola, m'chitini. Tsamba, kutola, m'chitini. Iye chiimire, kuyang'ana dzanja.

Kenako bilimankhwe watulukira pa nyemba, pafupi ndi khutu lake. Kukuwa kwake! Mwana wobadwira pakhomo pompano. Kulumpha mizere iwiri, bulauzi kukodwa pa mpanda, batani thu, kugwera mu repu. Mayi ake kuseka mpaka kugwira mpapaya.

Batani ndalipeza ine. Ndalitola ndi lamanja. Ndati, "Mayi, singano."

Ulusi walowetsa ndi mwana, diso la singano likadali laling'ono kwa ine. Zotsalazo ndekha, pakhonde, iye atafunda nsalu ya mayi ake. Batani limodzi, nthawi yokwana kusoka malaya athunthu kale. Kudzibaya kangapo, ndipo kulikonse ndamva kuwawa, ndakondwera. Lakhala mopendama pang'ono. Kasitomala akanakana kulipira.

Wavala, wamanga, wagwirapo ndi chala. Misozi. "Ababa, mwaliika mokhota." Ndati bweretsa ndimasule. Wakana.

Chigamulo: sindipita. Koma njira yochoka pakhomo kufika kudimba isalazidwe, ikhale ndi chogwirira. Kuchipatala osajomba. Ndipo ndalumbira pamaso pa onse kuti sindidzathamangitsanso mbalame.

Chikwama chabwerera chodzaza kabichi.

Lachiwiri, 8 Epulo

Alamu ali pano chiyambire m'mawa, nsungwi, misomali, hamala. Chogwirira achimanga okha, akana kuthandizidwa. "ALAMU, GWIRANI APA TIONE MSINKHU!" Ndati, "Ndikumva, alamu, musadzipweteke kukhosi." Aseka mpaka misomali kugwa pakamwa. Kenako, motsitsa mawu, kwa ine mwini wake osati kwa mlongo wawo, andifunsa ngati zoona mavu amadya mbozi. Akuti kwawo tomato akumupopera sabata iliyonse koma sizikutha.

Dzulo kabichi woyamba anapita kumsika. Ena ankadandaula mabowo. Akapitawo ankawayankha kuti chimene mbozi yalawa nkukhala moyo, munthunso sichingamuphe. Anabwerako dengu lopanda kanthu, buledi m'manja.

Kamtengo ka mandimu katulutsa timasamba tatsopano, tofiirira, tofewa. Akapitawo akuti ulendo uno tigawana, nthambi ziwiri za alendo, zotsala zawo. Kaya alendowo adzamva.

Namzeze ambiri lero, akuuluka motsika. Mwina mvula. Ndiyenera kuuza alamu kuti nsungwi ya pakona

Akundiitana. Akapitawo, kuseri kwa mulu wa manyowa, mawu onong'ona koma omveka mpaka kuno. Akuti kanungu, kanyama kaminga kaja, kali ndi tiana take pansi pa mapesi, tating'ono ngati mapini obaya pa kapilo. Akuti nditenge alamu, asiye hamala. Akuti ndifulumire koma ndisathamange.

Chikwatirane, mayi ameneyu sanandiitanepo kudzaona chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa.

Ndikubwera, ndiku